Mapilitsi a BP ndi Impso ya Mbuzi

Amayi anzanga, lero ndiulule, ine ndinanama! Ndinanamiza mdzukulu wanga weniweni, Tadala, namwino wathu uja wa ku Boma.

Mapilitsi a BP ndinkamwa pokhapokha mutu ukagunda. Ukaleka, ndinkagawirako aNangozo, mnzanga wa kukwaya, ngati mtedza wokazinga. Tadala akaimba foni, ine pakamwa tseketseke: "Ndikumwa, mayi, ndikumwatu!"

Ndiye lafika tsiku la chinkhoswe cha Tadalayo kwathu kwa Mavwere. Mbuzi taphetsa, chitenje chatsopano ndamanga, chiuno chayamba kale chokha. Mwana wandiyeza pamkono, nkhope yake gwaa. "Agogo, lero simuvina."

Sanakalipe ayi. Anatola impso ya mbuzi ija m'beseni n'kundionetsa kanyama konga nyemba pamwamba pake. "Inunso muli nato tiwiri. Timatulutsa timadzi tosunga mchere m'thupi, BP n'kukwera. Pilitsi lanu limatsekereza mchere wina wotchedwa kashiamu kulowa m'mitsempha ya magazi, mitsemphayo n'kumasuka, tinyamati n'kuchepetsako timadzito. Koma likhale la tsiku ndi tsiku. Mukumwadi?"

Mayo ine, manyazi! Ndinayang'ana impso, impso n'kundiyang'ana. "Theka anamwa aNangozo."

Anaseka mpaka misozi, kenako anawayezanso aNangozowo n'kuwaletsa mankhwala a eni.

Ng'oma zitalira, ine pampando phee, kuvina ndi mapewa okha, nthungululu yokha lililili! Tsopano ndikumwa m'mawa uliwonse, paukwati mudzandiona fumbi kobo. Koma tsiku lija, abale, aNangozo anavina mpaka duku kugwa, ndi mapilitsi anga!