Timalata ta pansi pa motolo

Ndinasiya sukulu pa setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo mlamu wanga, mwamuna wa achemwali, sankalola kuti ndiiwale. Iye ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Chipanga. Anali ndi pepala la umekaniku, ndi kapasete yoyera, chipewa cholimba chakumgodi, imene ankabwera nayo ngakhale kumaliro.

Bambo anali ndi galimoto yakale, ya motolo, kapena kuti injini, wakumbuyo wosamwa madzi, wozizira ndi mphepo basi. Inkatsitsa mbatatesi kuchoka kwathu ku Zóbuè kupita ku Moatize. Ndiyo inkatidyetsa, ndipo woisamala ndinali ine.

Chaka chimenecho timapaipi tobwezera oliyo, mafuta a m'motolo, tinayamba kudontha. Timakhala pansi pa motolo, tinayi uku tinayi uko. Ndinagula tatsopano ndi mphira zake. Ndisanamasule n'komwe, mlamu anatulukira n'kuuza bambo kuti galimoto yodyetsa banja sapatsa munthu wothawa sukulu. Bambo anandilanda masipanala n'kumupatsa iye.

Ndinakhala pa tayala n'kumaonerera. Timapaipi timeneti umayamba watikoka pang'ono kumapeto kwa makwinya kuti tikanikize mphira. Iye anangopakapaka guluu wofiira. Kenako anatola timalata tiwiri tokhala pansi pa masilinda, timene timakhotetsa mphepo kuti izungulire potentha. Anati tikutsekereza mpweya, n'kutiponya kudzala. Anazolowera zimagalimoto zakumgodi zozizira ndi madzi. Ine pakamwa tseke. Atachoka ndinakatitola n'kubisa.

Ulendo wotsatira tinkabwerera ku Zóbuè titadzaza matumba a feteleza, bambo akuyendetsa. Fungo lopserera ndinalimva tikungoyamba chitunda. Ndinayang'ana kuwindo. Ndinkafuna lifike poti aliyense alimve. Motolo unatsokomola, utsi unatuluka, galimoto inaima. Anatikoka ndi thirakitala mpaka kunyumba.

Ndinamasula motolo pabwalo, anansi atazungulira, mlamu alipo. Mutu umodzi wa masilinda unali utang'aluka. Mlamu anayamba kunena kuti timapaipi ndinagula tachinyengo. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa timalata tija.

"Alamu, pepala lanu lija ndi limene linati izi n'zakudzala?"

Anthu anaseka. Iye anayang'ana nsapato zake, achemwali n'kulowa m'khitchini. Bambo okha sanaseke. Anthu atabalalika anandiitana kuseri kwa nkhokwe.

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Ndiye unasiya galimoto ipse kuti mlamu wako achite manyazi."

Sindinakane. Ndinawauza kuti masipanala anandilanda okha.

Mutu wina unapezeka patapita miyezi iwiri, ku ofisina ina yokonzera magalimoto ku Tete. Nthawi yonseyo mbatatesi zinkaolera m'matumba, ndipo mayi ankasankha zotsala n'kumagulitsa pamsewu m'timabeseni. Bambo anasiya kudyera nane pamodzi. Mbale yanga inkabwera payokha.

Motolo ndinaumanga ndekha, sunadonthenso. Mayi ndimawamvera chisoni mpaka lero chifukwa cha mbatatesi zija. Koma mundibwezere pa chitunda chija, fungo lija lili m'mphuno, ndidzayang'ananso kuwindo.