Kusamuka kwa nyalugwe wa a Orozali

A Orozali anali mmisiri womanga makola a nkhosa m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku tauni ya kumapiri ya Naryn. Makola awo alipobe, ndipo ndi olimba. Koma anthu sawadziwira makola ayi, amawadziwira nyalugwe.

Atangokwatira kumene, akuluakulu a mudzi anawapatsa simenti yotsala pa mlatho kuti aumbe nyalugwe wa kumapiri pamphepete pa msewu. Iwo nyalugwe anali asanamuonepo, ndipo sanafunse munthu. Anangoyang'ana mphaka wa apongozi awo n'kuyamba ntchito. Zoona zake n'zakuti chimene chinatuluka sichinali nyalugwe. Mimba inali ya ng'ombe ya bere, makutu a bulu, nkhope yomwetulira ngati munthu amene wakhuta paphwando losaitanidwa.

Madalaivala a malole anayamba kuima. Maukwati ankabwera kudzajambulitsa, mkwati atakwera pamsana. Akazi a mmisiriyo, a Kalicha, anaika tebulo pambali n'kumagulitsa mkaka wosasa wa akavalo. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma a Orozali ankati luso ndi limene lawasangalatsa. Chilimwe chilichonse ankapentanso mawanga.

Atakalamba kunabwera ntchito yokulitsa msewu. Kapitawo wake, Mirlan, anawapeza akupenta mchira.

"Agogo, mphaka wanuyu wakhala pakati pa msewu watsopano. Loweruka tigumula."

"Mphaka ndi iwe! Ameneyu ndi nyalugwe."

"Chabwino, nyalugweyo mumuuze athawe."

A Orozali atafika kunyumba, tiyi sanamukhudze. A Kalicha anawayang'ana n'kupukusa mutu.

"Bambo inu, makolo athu ankamangirira nyumba yonse pa ngamira n'kukwera nayo phiri. Inu chikukukanikani chimphaka chimodzi?"

"Nawenso ukuti mphaka?"

"Imwani tiyi, mukabwereke akavalo."

Palibe amene anakana. Amuna anakumba pansi pa nyalugwe, n'kumutendekera ndi mitengo pa chileyi chokokera udzu, akavalo n'kuwamangirira kutsogolo. A Duishen, mnzawo wa a Orozali wa paubwana, anadzipatsa okha udindo wolamula.

"Pang'onopang'ono, anyamata! Osamugwira kumimba, angatiberekere pamsewu!"

A Kalicha anati wopita kumalo atsopano sapita mutu uli pamtunda. Anavula mpango woyera n'kumumanga nyalugwe kumutu ngati mkwatibwi. Amayi ataona zimenezo anathamangira kunyumba kukatenga maswiti ndi timandasi, n'kuyamba kumuwaza monga achitira ndi mtengwa polowa pakhomo. A Orozali anafuna kukalipa, koma atakweza maso n'kuona nkhope ija ikumwetulira mkati mwa mpango, mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino, kuseka kunawatulukira m'mphuno.

Malole anali atandandalika kale mbali zonse. Dalaivala wina anaimba hutala pofuna kulemekeza mwambo, anzake onse n'kumutsanzira. Akavalo anadzidzimuka. Anakoka chileyi ndi liwiro kukwera chitunda, nyalugwe akugwedezeka, mpango ukuuluka, a Duishen akulendewera pa chingwe n'kumakuwa kuti akadali olamula. A Orozali anathamanga pambuyo chisoti chitagwa, mawondo akudandaula.

"Gwirani! Mundiphera mwana!"

Pamwamba pa chitunda chileyi chinathyoka. Nyalugwe anatsetsereka, miyendo yonse n'kuzika m'matope. Sanagwe, sanang'aluke. Koma anaima atayang'ana kumapiri, mbuyo atalozetsa kumsewu. Amuna anakankha mpaka thukuta, iye osasuntha.

Mirlan anakwera chitunda akupukuta misozi ya kuseka.

"Apa msewu sufika, agogo. Wapulumuka. Tibweretse makina timutembenuze?"

A Orozali asanayankhe, galimoto yachilendo inaima kumunsi. Munatuluka bambo wina ndi ana ake, n'kuloza msana wa mawanga ndi mchira wautali uja.

"Ana inu, taonani nyalugwe!"

A Orozali anaima chilili. Chiumbireni, palibe mlendo amene anamutchulapo dzina limenelo asanauzidwe.

"Makina akowo akhale komweko," anatero. "Wom'khudza ndithana naye."

Nyalugweyo ali pomwepo mpaka lero, ndipo tebulo la a Kalicha linasamukira pamwamba. A Orozali amakhala kumunsi, kumbali ya mchira, n'kumalandira mayamiko mosakana. Alendo akazungulira kutsogolo, kuseka kumamveka mpaka kumsewu. A Orozali amati mphepo ya kumeneko ndi yamphamvu, ndipo makutu awo anakalamba.