Pulogalamu Yofuna Chitupa

Amalume oyandikana nafe pa komboni ndi kalaliki wa pa pulazi, koma eee, amapanganso mapulogalamu a kompyuta ogulitsa! Kompyuta yawoyawo alibe. Amabwereka ya mu ofesi Lamlungu, ndipo disiki amaikulunga m'mpango ngati dzira. Magetsi akangophethira, iwo thukuta kamukamu. "Mwanawe, usandiyankhulitse," amatero, "mtima uli m'mwamba."

Lolemba anatenga pulogalamu yawo yolembera malipiro kukaonetsa ku pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Mzungu mwini pulaziyo akagula, anzake agulanso. Akakana, basi, zathera pomwepo. Amalume anaitana mayi Lestina, osankha fodya pa pulaziyo, kuti ayesere pa dzina lawo. Kompyuta inakana kwamtuwagalu, ati ikufuna nambala ya chitupa!

"Chitupa ndichitenga kuti, achimwene? Makolo anachokera ku Dedza, si nzika za dziko lino," anatero mayiwo. "Ndiye makina anuwa akuti ndisalipidwe?"

Apo m'pamene amalume anazindikira vuto. Anthu ambiri pa komboni alibe chitupa! Mzungu wawapatsa mpaka Loweruka kuti akonze. Panopa amalume sakudya n'komwe, ndipo mayi Lestina atumiza kale uthenga: dzina lawo likakanidwanso, azidzadya kwa amalume mwezi wonse, ndi ana omwe.