Mavoti Atatu a Phungu Pruitt

Enoch Varner ankayendetsa ngolo ya nyulu m'tauni yathu ku Indiana, kututa ufa kuchokera kuchigayo kupita kusiteshoni. Anali munthu wa mawu owerengeka. Ine Thaddeus Pruitt, phungu wa deralo, ndinali ndi mawu otikwanira tonse awiri ndi nyulu zomwe.

Nkhondo yapachiweniweni ya Kumpoto ndi Kummwera kwa dziko lathu itabuka mu 1861, kunamveka kuti wosonkhanitsa amuna zana apanga gulu lake la asilikali. Ndinaona mwayi: miyezi ingapo pahatchi, kenako mavoti moyo wanga wonse. Ndinakwera pamgolo kutsogolo kwa khoti n'kulankhula mpaka amayi anagwetsa misozi. Pofuna kupereka chitsanzo, ndinasaina woyamba, zaka zitatu. Enoch anasaina womaliza.

"Nawenso wamva kuitana kwa dziko, Enoch?" ndinamufunsa.

"Ayi bwana, ndamva kulira kwa mlongo wanga. Mwamutengera ana onse awiri."

Mwambo unali wakuti asilikali odzipereka azisankha okha kaputeni wawo. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, katswiri wa zisankho ngati ine. Yunifolomu ya mabatani onyezimira ndinali nditasoketsa kale. Koma voti inachedwa milungu itatu, mvula ili pakapaka pamsasa. Ine ndinkagona kuhotela, kuopa chimfine. Enoch ndiye ankakumba ngalande kuzungulira matenti, kumanga mapazi otupa, ndi kukangana ndi wogawa chakudya akabweretsa nyama yankhumba yonunkha.

Tsiku litafika tinaponya timapepala m'chipewa. Ine ndinapeza mavoti atatu, ena onse Enoch. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Voti imodzi inali yanga, ina ya mlamu wanga, amene amaopa mkazi wanga kuposa mizinga. Yachitatu inandisowetsa mtendere, ndipo ndinayamba kufunsa munthu mmodzimmodzi ngati wataya nkhuku.

"Musavutike, a Pruitt," Enoch anatero akupala ziboda za nyulu. "Ndinakuvoterani ndine."

"Iwe? Ukundiseka eti?"

"Ndisekerenji? Kaputeni ndi amene amalembera amayi kalata mwana akafa. Ine ndinkafuna ntchito imeneyo igwere inu, poti ndinu munawatenga. Komabe sizinalakwike. Ine zolemba sindizitha, ndiye muzikhala pambali panga ndi cholembera."

Umo ndi mmene phungu anasandukira mlembi wa woyendetsa nyulu, woyenda wapansi, matuza mbwee. Enoch ankanena mawu ochepa, ine n'kuyamba kukometsera za mbendera ndi ulemerero.

"Fufutani izo," ankatero. "Lembani kuti tinamupatsa madzi, ndipo sanafe ali yekha."

Makalata otere ndinalemba makumi anayi, awiri mwa iwo opita kwa mlongo wake. Lotsatira linali lopita kwa mkazi wa Enoch, titawoloka mtsinje wina ku Tennessee, pamene chipolopolo chinamupeza iye mwini. Panalibenso wondiuza zofufuta. Ndinakhala ndi pepalalo m'mawa wonse, ine amene sindinasowepo chonena, ndipo ndinangolemba mizere iwiri ija imene iye anandiphunzitsa.