Dzina la Shefi pa Chigamba cha Mana Esiperansa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha makina osindikizira. Nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ndinkakhala kwa azakhali ku Matema, ndipo tsiku lina ndinapita kukasindikiza makalata ofunsira ntchito pa kaofesi kena ku dera la Filipe Samuel Magaia, mu Tete momwemo. Makinawo anatsamwa ndi pepala, ine n'kuwakonza. Mwini ofesi, Senyoro Bonifasiyo, omwe tonse tinkangowatchula kuti shefi, ndiye kuti bwana, atamva Chinyanja changa cha ku Angónia anati, "Ndiwe wakwathu iwe. Ubwere segunda-feira, Lolemba likubwerali."

Tinkasamalira maseva, makompyuta osungira deta, a makampani a malole a ku Moatize. Pulogalamu yake inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri. Woona chilema amalemba kachidutswa kokonzera, komwe anzanga ankati pachi, ine ndinkati chigamba, n'kutumiza pa imelo ya gulu. Chisanalowe mu pulogalamu, munthu wina amayenera kuchiwerenga, kuchiyesa pa makina ake, n'kulemba zomwe wapeza. Pa tsamba la gululo chigamba chilichonse chinali ndi mzere wake: dzina la mlembi, dzina la wowunika, ndi pomwe chafika, kaya chikudikira wowunika, chikudikira mlembi, kapena chakonzeka kulowa. Ine m'mawa uliwonse ndinkatsegula tsambalo, kukopera zosintha mu planilya, ndandanda yanga ya pakompyuta, kuyesa ngati zigamba zathu zikukwanirabe pa khodi yatsopano ya pulogalamuyo, ndi kudzutsa ogona.

Chigamba chathu chachikulu chinali cha mana Esiperansa, kapena kuti achemwali Esiperansa, katswiri wa mu ofesimo, ndipo chinawadyera miyezi inayi. Magetsi akathima seva ili mkati mokopera deta ku seva ina, kukoperako kunkayambiranso pachiyambi. Chigambacho chinkathetsa zimenezo. Nyengo yowunika inali ya mwezi umodzi, yomaliza chaka chimenecho. Chophonya pamenepo chinkadikira pulogalamu ya chaka chinacho.

Tsiku loyamba la nyengoyo shefi anandiuza kuti ndilembe dzina lawo ngati wowunika pa zigamba zisanu ndi chimodzi, ndi cha mana chomwe. "Makasitomala aziona kuti tikudya ndi akuluakulu," anatero. Ndinalemba. Mwambo wa gululo ndi woti pomwe pali dzina ena amalambalala, monga timachitira ndi chigubu chomwe munthu wasiya pamzere wa pampopi. Koma chigubu cha shefi chinakhala pamzere mwezi wathunthu, mwini wake akudya nkhuku ndi makasitomala ku Moatize.

Sabata yoyamba nditawakumbutsa anati mawa. Yachiwiri anati, "Kodi pakati pa iwe ndi ine shefi ndani?" Yachitatu mlendo wina analemba pa imelo ya gulu kufunsa ngati wowunikayo akadalipo, apo ayi iye athandize. Mana anali kumigodi kukonza seva, ndiye woyankha ndinali ine. Batani lochotsera dzina linali pansi pa chala changa. Koma munthu wamkulu, wakwathu, wondipatsa ntchito, ndimufufute pagulu? Ndinayankha kuti akuwunika. Mana atandiimbira foni ndinawauzanso kuti zili mkati. Bodza limenelo ndinalilemba ndi manja angawa, ndipo mpaka lero limandiwawa.

Tsiku lotseka linali Lachisanu, dzuwa la ku Tete likuwotcha ngati tinalilakwira. Masana woyang'anira nyengoyo anasintha mzere wathu: chabwezedwa, sichinawunikidwe. Mana anawerenga, n'kuvula magalasi. Shefi analowa akupukuta thukuta, ndipo atamva anatembenukira kwa ine.

"Lusiya, ntchito yako ndi yotani kodi? Si kukumbutsa?"

Ndinawatembenuzira sikirini, n'kuwaonetsa planilya momwe ndinkalemba tsiku lililonse lomwe ndawakumbutsa. "Kasanu n'kawiri, a shefi. Werengani nokha."

"Ulibe ulemu iwe!"

"Ulemuwo ndi umene watipha," anatero mana, n'kunyamula chikwama.

Ndinawatsatira panja ndikuganiza kuti tili mbali imodzi. Anandiyang'ana nati, "Awowo ndimawadziwa kalekale. Koma iwe, mng'ono wanga, mlendo uja unamubwezeranji?" Ndinakwiyira shefi, inde, munthu wofuna dzina popanda thukuta, koma ndinadzikwiyira kwambiri ndekha. Anandilemba ntchito yolondera mzere, ine n'kumalondera nkhope ya munthu.

Nyengo yotsatira itatseguka shefi anati ndilembenso dzina lawo pa chigamba cha mana chija. Ndinalemba, n'kuwauza pamaso kuti dzina likakhala chete masiku asanu ndi awiri ndimalichotsa. Anaseka. Tsiku lachisanu n'chitatu ndinalichotsa osagogoda, n'kulembera mlendo uja kupepesa. Shefi sanandipatse moni mwezi wonse, ndipo sindinaonde nazo. Lamulo limenelo ndimalisunga mpaka pano, kaya dzinalo ndi la ndani, ngakhale langa.

Mana anali atasiya kale ntchito n'kupita ku Beira. Chaka chonsecho magetsi akathima, woyambitsanso kukopera kuchokera pachiyambi ndinali ine, ndikutukwana chamumtima. Mlendo uja anawerenga chigambacho, anachiyesa, anapeza tizolakwika tiwiri, mana anakonza ali konko, ndipo chinalowa. Ndinawaimbira foni kuwauza. Anandifunsa kuti kuwunikako kwatenga nthawi yaitali bwanji.

"Masiku atatu, mana."

Anadula foni.