Thunthu la Nthochi la Fanuel

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinakhala pa shedi yanga yowotcherera zitsulo ku Chileka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, magetsi osayaka, kasitomala ndi mmodzi yemwe osabwera. Chinali chaka chimene mafuta ankasowa chija. Mnzanga wina woyendetsa thiraki anandiuza kuti ku Tete kuli kampani yokonza magalimoto a kumgodi wa malasha, ndipo ikufuna amisiri. Ndinapita, anandiyesa, dzanja langa analikonda. Koma anati ndibwerere kwathu ku Lirangwe ndikadikire pemiti, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko lawolo.

Ndinadikira miyezi isanu. Amene anandidya wamoyo pa miyezi imeneyi anali Fanuel, msuweni wanga, mwana wa azakhali a Esinati.

"Asuweni, pepala lanulo likubwera pa bulu?" ankatero. "Agogo athu anachoka ku Mozambiki wapansi, mtolo pamutu. Anawafunsa pemiti ndani? Kumene kuja n'kwathu, amwene."

Iye anangonyamuka, nadutsa njira zachidule za ku Mwanza. Mwezi usanathe anatumizira mayi ake foni yatsopano. Ine ndiye ndinasanduka nyimbo. Kuchigayo, kumpira, ngakhale kutchalitchi, dzina langa la Samisoni linafa, ndinali a Pemiti. Zinkandiwawa, sindinama. Koma ine ndi munthu wa makani. Ndinkangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzina limenelo lero lili pa chikwangwani cha shedi yanga pano pa Lirangwe, ndinalilemba ndekha ndi penti yofiira. Ofuna mageti ndi mafelemu a mawindo amafunsa kwa a Pemiti, ndipo ndimayankha ndi mtima wonse.

Pepala litabwera ndinadutsa pa chipata cha m'malire masana, chidindo n'kuti phwa! Ku Tete kumatentha moti chitsulo umachipeza chitafunda kale usanachiwotchere. Malipiro anali abwino. Nyumba yathu inafoleredwa ndi malata, ndipo mwana wathu Chisomo sanabwezedwenso kusukulu. Koma Lamulungu linkanditalikira. Chipwitikizi changa chinali cha pantchito basi, chopemphera sipanala. Ndinkakhala pakhomo n'kumawerenga mobwereza mauthenga a mkazi wanga: "Bambo a Chisomo, mvula yagwa, tadzala." Mawu ochepa omwewo ankandiliza, bambo wamkulu ndi ndevu zanga.

Fanuel tinkaonana mwa apo ndi apo. Ankagwira ntchito yomanga nyumba zosanja, ndipo anali atagula chitupa cha kumeneko cha dzina la munthu wina. "Mukandiona pamsika musamati Fanuel," anandinong'oneza. "Kuno ndine Alberto." Ndinamuseka, nayenso anaseka.

Chaka chachitatu, amuna atatu a kwathu anabwera kudzaima kunja kwa geti la kuntchito kwanga, zipewa zili m'manja. Fanuel anali atagwa kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo anafera pomwepo. Kuchipatala analemba kuti ndi Alberto, wopanda abale, ndipo pakapita masiku angapo amuika m'manda okha. Mwa atatuwo panalibe amene akanayandikira wapolisi, onse anali opanda mapepala. Abwana anga anandichenjeza mosabisa kuti ndikalowa m'nkhani ya chitupa chabodza, pemiti yanga ikhoza kuthera pomwepo.

Ndinaimbira azakhali. Kwathu, thupi la munthu likapanda kupezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda kuti maliro atheke. "Akuluakulu akuti tingodula nthochi," anatero azakhali, mawu ali zii. "Samisoni mwanangu, ine ndinabereka munthu. Sindinabereke nthochi."

Mantha ndinali nawo. Ndinaganiza za malata, za sukulu ya Chisomo, za miyezi isanu ija. Kenaka ndinavala malaya oyera, kupita kupolisi, n'kuika pasipoti ndi pemiti pa tebulo. Ndinati wagonayo si Alberto, ndi Fanuel wa ku Lirangwe, mwana wa mlongo wa bambo anga. Anandifunsa mafunso tsiku lonse. Wapolisi ankatembenuza pemiti ija uku ndi uku kufuna poigwirira, koma inalibe banga. Umboni woti Fanuel ndi Fanuel unabwera ndi mnzanga wa thiraki uja: khadi la ubatizo limene azakhali ankasunga m'Baibulo, ndi chithunzi cha pa ukwati wanga pomwe iye anaima pambali panga. Ndinayenda maofesi masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi abwana aja anandiponyera makiyi a galimoto ya kampani.

Tinadutsa pa chipata chomwe chija, masana, bokosi lili kumbuyo. Fanuel analowa m'dziko lake ndi dzina lake, chidindo chili papepala.

Tinafika ku Lirangwe anthu atadzaza kale pabwalo. Adzukulu anali atakumba manda dzulo lake. Nditazungulira kuseri kwa nyumba kukasamba m'manja, ndinaliona thunthu la nthochi litagonekedwa pamphasa, lokulungidwa bwinobwino m'nsalu yoyera. Mtima unandipweteka. Mafoni onse ndinkaimba aja, mudzi wonse sunakhulupirire kuti wopita kunja angabwezedwe. Anali atazolowera kulandira mafoni atsopano ndi ndalama, kenaka uthenga, kenaka nthochi.

Bambo ake aang'ono a Fanuel, omwe ankatsogolera kundiseka kuchigayo kuja, anabwera n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "A Pemiti," anatero, ndipo ulendo uno palibe anaseka.

Azakhali anapempha kuti bokosi litsegulidwe. Anayang'ana nkhope ija nthawi yaitali, n'kuisisita pachipumi ngati akumudzutsa kuti apite kusukulu. Kenaka anatembenukira akuluakulu aja.

"Nsaluyo vulani, ndi yanga," anatero. "Nthochiyo kaponyereni nkhumba. Mwana wanga wabwera."