Wa Sosholo Pamzere wa Odwala

Choyamba kundichokera chinali chilakolako cha chakudya. Kunali kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili pakati, pamene amuna anga anaona kuti ndakhala ndikubweza mbale yosakhudza masiku atatu otsatizana. Iwo ndi khukhi pa loji ina ku Senga Bay, ndiye munthu akasiya chakudya chawo sachedwa kuzindikira. Ndinawauza kuti mwina ndi malungo, ndipo nanenso ndinkafuna kuti akhaledi malungo.

Ntchito yanga ndi yosamalira anthu ovutika. M'midzi amangonditchula kuti a sosholo. Ndinaiphunzira zaka zinayi ku Lilongwe, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi ndikugwira ku bungwe lina laling'ono, kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa njinga yamoto, kuchokera ku Senga Bay mpaka kupitirira Khombedza. Ndinkayendera ana ochitiridwa nkhanza, amayi omenyedwa m'banja, ndi odwala matenda a maganizo amene abale awo amawatsekera m'nyumba posowa chochita nawo. Ndinkalankhula ndi mabanja, kulemba malipoti, ndi kuperekeza odwala kuchipatala. Zizindikiro za matenda ovutika maganizo ndinkazidziwa pamtima, ndipo ndinkaziphunzitsa kwa anthu ongodzipereka m'midzi.

Pakati pa anthu amene ndinkawayendera panali Asiyatu, mayi wa ana atatu amene ankayanika usipa n'kumagulitsa. Amuna ake anamira nthawi ya mwera, bwato litagubuduka pochokera ku chilumba cha Mbenji, ndipo thupi silinapezeke. Asiyatu anasiya kupita kugombe, anasiya kusamba, ndipo ankakhala masana onse atayang'ana khoma. Ndinamuperekeza kuchipatala, anayamba mankhwala, ndipo ndinkamuyendera pakatha masabata awiri alionse.

Mu Januwale ndinamupeza atasesa pabwalo, atavala mpango woyera, nkhope yake ili phee. Zovala za amuna ake anali atagawira alamu ake. Anandiperekeza mpaka pa njinga, n'kundithokoza nthawi yaitali atagwira dzanja langa. M'fayilo yake ndinalemba kuti akupeza bwino. Ulendo wotsatira ndinausuntha ndi sabata imodzi, chifukwa kunabuka nkhani ya mwana wina ku Khombedza yomwe sikanadikira. M'sabata imeneyo Asiyatu anadzipha.

Kumaliro ndinapita. Ndinakhala ndi amayi anzanga, sindinalire, ndipo mawa lake ndinali kuntchito. Koma ndinkadziwa chinthu chimodzi chomwe ena onse pamaliropo sankachidziwa: munthu amene wakhala mumdima miyezi yambiri akakhazikika mtima mwadzidzidzi, n'kuyamba kugawa katundu ndi kuthokoza anthu, nthawi zina amakhala kuti akutsanzika. Mawu amenewa ndinali nditawalemba ndekha pa bolodi kangapo pophunzitsa ena.

Mu Malichi tulo tinayamba kundithawa. Ndinkadzuka kusanache mtima ukugunda, osagonanso. Mutu unkalemera, mapewa ankawawa, ndipo lipoti limene kale ndinkalemba ola limodzi linkanditengera masiku atatu. Ndinayezetsa malungo kawiri pa kachipatala kapafupi, sanawapeze. Anandiyeza bipi, shuga ndi magazi, zonse zinali bwino. Adokotala atandifunsa ngati pali zomwe zikundisowetsa mtendere, ndinaseka n'kunena kuti ndi ntchito chabe. Ndinatenga panado n'kubwerera kunyumba.

Tsiku lina Lachiwiri, ndikupita kukaona banja lina, ndinaima pamphambano kupitirira msika wa Khombedza. Ndinazimitsa njinga kuti ndipume pang'ono. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinkaopa kufika, kuona munthu akumwetulira, n'kulakwitsanso. Ndinabwerera kunyumba osaonana ndi aliyense, ndipo m'lipoti ndinalemba kuti sindinawapeze. Ndinachita zimenezi katatu mwezi umenewo. Ndi bodza lokhalo limene ndinalembapo pa ntchito yanga, ndipo linandiwonjezera maganizo akuti ndine munthu wachabe.

Pofika Epulo masiketi anga onse ankafuna chipini. Ndinasiya kupita ku kwaya. Mwana wathu Tamanda, amene anali mu sitandade 2, akabwera ndi kope lake kuti ndione, ndinkangoliyang'ana osawerenga. Kenako anasiya kubwera nalo. Maganizo anayamba kundifikira akuti iye ndi bambo ake angakhale bwino popanda ine. Sanabwere mwaphokoso. Ankabwera modekha, ngati nzeru yabwino, ndikutsuka mbale kapena ndikuyanika zovala. Ndinkadziwa dzina la zimene zinkandichitikira, koma kudziwako sikunandithandize. Ndinkangodziuza kuti odwala ndi enawo, ine ndi wolephera chabe.

Amuna anga anandipempha kawiri kuti tipite kwa anamwino a matenda a maganizo, ndipo kawiri konse ndinakana. Kiliniki imeneyo imachitika Lachitatu pa chipatala chachikulu, ndipo theka la anthu okhala pamzerewo ndinawabweretsako ndine. Sindinkaona mmene ndingakakhalire pakati pawo ndi kabuku kanga ka kuchipatala m'manja.

Lolemba lina amuna anga anabwerera kunyumba masana kudzatenga foni yomwe anaiwala. Anandipeza m'bafa, nditakhala pansi ndi zovala, ndowa ya madzi amene ananditenthetsera m'mawa itazizira osaikhudza. Ndinali mmenemo kuyambira pamene iwo anachoka. Sanakalipe. Anakhala pakhomo la bafalo n'kunena kuti, "Amake Tamanda, mukanapeza mkazi wa mwini ali chonchi, mukanamusiya?" Anapempha tchuthi kuntchito, ndipo sanandisiye ndekha mpaka Lachitatu.

Tinakwera minibasi yoyamba ndipo tinafika pachipatala isanakwane seveni, koma mabenchi anali atadzaza kale. Timabuku timaunjikidwa patebulo pafupi ndi chitseko, ndipo amaitana motsatira mmene mwafikira. Ena anabwera ndi mabotolo a mankhwala otha, ena anagona pansi pa zitenje, ndipo mnyamata wina ankayenda uku ndi uku akulankhula yekha, m'bale wake akumutsatira. Malo amenewa ndinkawadziwa bwino, koma nthawi zonse ndinkalowera pakhomo la ogwira ntchito.

Amene anayamba kundiona anali amake Jafali, mayi wachikulire amene mwana wawo ndinamupeza atamangidwa unyolo zaka zitatu m'mbuyomo. Tsopano Jafali amasoka maukonde, ndipo anali pambali pawo kudikira mankhwala ake a pamwezi.

"A sosholo, mwabweretsa ndani lero?" anandifunsa.

"Ndabwera ineyo, amayi."

Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ananso kabuku kamene kanali m'manja mwanga. Sanafunsenso china. Anasendera, n'kukoka thumba lawo kuti ndikhale. Tinadikira limodzi maola anayi. Dzuwa litafika pabenchipo, anatambasula chitenje chawo n'kufunditsa mitu yathu tonse awiri.

Anamwino anali Mayi Nkhoma, amene ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zambiri. Ataona dzina langa pakabuku anatseka chitseko, n'kupempha amuna anga kuti adikire panja kaye. Anandifunsa za tulo, za chakudya, za mphamvu, za mmene ndikudzionera, ndiponso ngati ndimamva mawu amene ena sakuwamva. Mafunso onsewo ndinkawadziwa, ngakhale ndondomeko yake, ndipo ndinayamba kuyankha ngati ndikupereka lipoti la munthu wina. Iwo anaika cholembera pansi.

"Mayi Mwale, lero simuli pantchito. Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?"

Kuyambira Januwale palibe amene anali atandifunsa funso limeneli. Ndinayankha kuti inde. Anafunsa ngati ndinali nditakonza njira, ndipo ndinawauza zoona. Apa ndi pamene ndinalira koyamba chimwalirire Asiyatu, ndipo ndinawafotokozera zonse, mpaka za malipoti abodza aja. Sanandidule mawu ngakhale panja panali anthu ambiri.

Pomaliza anati, "Sindikuuzani lero kuti simunalakwe, chifukwa simungandikhulupirire. Nkhani imeneyo tidzaiona mukayamba kugona ndi kudya. Panopa mukudwala, ndipo matendawa ali ndi mankhwala."

Anaitana adokotala, amene anatsimikiza kuti ndi matenda ovutika maganizo ndipo anali atafika poipa. Anakambirana zondigoneka, koma poona kuti kunyumba kuli wondiyang'anira, anandilola kubwerera. Anaitana amuna anga n'kuwalangiza kuti mapiritsi azisunga iwo ndi kumandipatsa tsiku ndi tsiku, kuti achotse m'nyumba chilichonse choopsa, ndiponso kuti zikasintha tibwere tsiku lomwelo osadikira Lachitatu. Anandilembera kalata yopuma kuntchito masabata asanu ndi limodzi.

Masabata awiri oyamba sindinaone kusintha kulikonse, koma m'kamwa kuuma, chizungulire ndikadzuka, ndi kuwodzera masana. Ndinauza Mayi Nkhoma kuti mankhwalawo sakugwira. Anandikumbutsa zimene inenso ndinkauza anthu, kuti amachedwa kuyamba ntchito. Cha m'sabata yachinayi ndinagona mpaka kucha. Sabata yachisanu ndinachapa ndekha zovala za Tamanda. Sizinali chimwemwe, kunali kungopepukidwa pang'ono, ngati munthu amene watula mtolo umodzi mwa iwiri.

Ndinayambanso kuonana ndi mlangizi wa uphungu masabata awiri alionse. Anandipempha kuti tsiku lina ndibwere ndi zimene ndinalemba za Asiyatu, nditapempha chilolezo kuntchito. Tinawerenga tsamba ndi tsamba: maulendo khumi ndi awiri, makalata opita kuchipatala, zokambirana ndi abale ake. Sanabise kuti tsiku la mpango woyera lija ndikanatha kumufunsa Asiyatu funso limene Mayi Nkhoma anandifunsa. Koma anandionetsanso kuti nthawi imeneyo ndinali ndi mabanja oposa amene munthu mmodzi angawakwanitse, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndisanakhalepo pansi ndi wina aliyense kumuuza zimene ndimaona m'midzi. Za malipoti abodza ndinakaulula ndekha kwa akuluakulu anga. Anandichenjeza, koma ntchito sanandichotse.

Mu Julaye ndinachita zomwe ndakhala ndikuletsa anthu ena. Nditaona kuti ndikupeza bwino ndinasiya mankhwala osauza aliyense, popeza amuna anga anali atayamba kundikhulupirira kuti ndizimwa ndekha. Pasanathe masabata atatu tulo tinathawanso, ndipo maganizo aja anabwerera. Ulendo uno ndinawauza ndekha amuna anga, ndipo ndinakakhalanso pabenchi. Mayi Nkhoma sanandichititse manyazi. Anangoti, "Tiyambirenso," n'kulemba tsiku lobweranso.

Mu Okutobala ndinalimba mtima kupita kwawo kwa Asiyatu. Ana ake ankasamalidwa ndi agogo awo, ndipo mnzanga wina wa kuntchito ndi amene ankawayendera. Ndinapeza mayi ake a Asiyatu akutembenuza usipa pathandala limene kale linali la mwana wawo. Ndinawauza kuti ndinaona zizindikiro koma sindinazimvetse, ndipo ndinapepesa. Anapitiriza kutembenuza nsombazo kwa kanthawi.

"Mwananga, inu munkabwera pakatha masabata awiri," anatero. "Ine ndinkagona naye nyumba imodzi. Tsiku limenelo tinadyera mbale imodzi. Mukadzipatsa mlandu inu, ine ndidzipatse chiyani?"

Tinakhala pamchenga tonse awiri, n'kulira. Pochoka anandipempha kuti ndizibwera kudzaona anawo ngati mlendo chabe, osanyamula fayilo.

Tsopano padutsa chaka ndi miyezi ingapo. Ndinabwerera kuntchito, ndipo midzi ina anaipereka kwa mnzanga. Mankhwala ndikumwabe, ndipo adokotala anati tidzayamba kuchepetsa pang'onopang'ono akaona kuti nthawi yakwana. Ndimapita ku kiliniki kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo ndimakhala pamzere monga wina aliyense. Anthu ena anasiya kundikhulupirira atamva kuti a sosholo nawonso amamwa mapiritsi a mutu, ndipo zimenezi zimandipweteka. Lachisanu lomaliza la mwezi, ife ogwira ntchito imeneyi timakhala pansi ndi mlangizi, aliyense n'kunena nkhani imene ikumulemera. Masiku ena ndimadzukabe ndi chisoni, makamaka ndikadutsa njira ya kwa Asiyatu. Mwana wake wamng'ono wayamba kuiwala nkhope ya mayi ake, ndipo palibe mankhwala a zimenezo.

Ngati padutsa masabata awiri simukugona, simukudya, ndipo zimene munkazikonda sizikukukomaninso, musadikire miyezi itatu monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala ndipo mukanene zimene zili mumtima, osati mutu wokha. Ngati mwayamba kuganiza kuti abale anu angakhale bwino popanda inu, uzani munthu lero lomwe, akuperekezeni. Kwa anzanga anamwino, alangizi ndi a sosholo: satifiketi siteteza munthu ku matendawa. Ndipo ngati pali wina amene mukumukayikira, kaya akulira kaya akumwetulira, khalani naye pansi mumufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silipha munthu. Asiyatu sindinamufunse. Ine anandifunsa, ndipo ndilipo.